Inki Yofiira M'buku la Maso

4 Meyi

Pulofesa, mlongo wanga,

Landira moni wa kuno. Ndikhulupirira uli bwino pakati pa mabuku akowo, ndipo fumbi lake silinakutseke pakhosi. Ife tilipo. Ine miyendo yatupa, pamakina osokera ndikumakhalapo chammbali chifukwa mimba yafika pogunda tebulo. Mzimayi wa msinkhu wanga, ana atakula kale, kuyambiranso matewera! Makasitomala akumandiyang'ana kenaka n'kuyang'ana kudenga, ine ndimangowathandiza kuseka. Alamu ako ali pa ulendo ndi lole, adzabwera mabwana awo akadzakumbukira kuti munthuyu ali ndi banja.

Nkhani ndi ya abambo. Ng'ala ija yakula. Diso lakumanzere linasiya kale ntchito, lakumanja akuti likuona ngati munthu ali mu utsi. Sabata yatha anatsegula wotchi ya aphunzitsi ena, kasikuluwu n'kugwera patebulo. Anakafufuza ndi zala mpaka kutopa, pamene kali pafupi ndi chigongono chawo. Sanandiitane. Ndinawapeza atangokhala, kagalasi kawo kokonzera mawotchi kali pa diso, manja ali pamawondo. Mawotchi a anthu angodzaza mu dirowa, ndipo eni ake ayamba kudzawatenga osakonzedwa.

Dokotala wa maso akubwera ku chipatala chachikulu pa 20 Juni. Amabwera kamodzi pachaka, ndipo ndinayenda mpaka nsapato kutha kuti dzina la abambo lilembedwe. Akuti akachotsa ng'alayo adzaonanso. Koma ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo pakufunika munthu wowagwira dzanja ndi kugona nawo komweko. Ine nthawi imeneyo ndidzakhala nditayandikira, anamwino andiletsa kale kukwera basi. Watsala ndiwe.

Abambo akuchita mantha, kungoti sanena. Ndikawafunsa amangoti, "Timve kaye Pulofesa." Ukudziwa kuti mawu ako pakhomo pano ndi lamulo. Mlandu umenewu ndi wanganso, chifukwa ndine ndinkakuchemerera kwa aneba kuti mlongo wanga amagona pa mabuku, amadzuka pa mabuku. Lero ndikukolola.

Tsono tamvera bwino. Ubwere iweyo, ndi miyendo yako iwiri. Denga litayamba kudontha unatitumizira buku la kafoleredwe ka nyumba, denga n'kupitiriza kudontha. Nkhuku zitagwidwa ndi chitopa unatumiza magazini ya mbalame za m'nyanja. Kuno unapondako komaliza pa maliro a amayi, mwana wanga woyamba akukwawa, pano ali ku sekondale. Ulendo uno buku silingathe kuwagwira abambo dzanja pokwera basi.

Yankha msanga, upatsire kondakitala wa basi yemwe wakubweretsera kalatayi.

Ndine achemwali ako.

12 Meyi

Achemwali,

Kalata yanu ndailandira, yafika ikununkha dizilo koma mawu onse ali amoyo. Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Za mimbazo musachite nazo manyazi, pano pali buku lonena kuti ana obadwa kwa makolo okhwima amakhala anzeru. Kapena likunena zosiyana ndi zimenezo, sindinafike mkati.

Ine ndilipo, ndikungoyetsemula. Kwafika makatoni atsopano a mabuku akale ochokera kunja, ndipo sitolo yathu, imene mukudziwa kuti ndi kanjira kopanda zenera, yadzaza mpaka kasitomala wonenepa akumagulira pakhomo. Muli za ulimi wa njuchi, za nyenyezi, za sitima zoyenda pansi pa madzi, za kaumbidwe ka miphika, ndi magazini a anthu amene amakwera mapiri ozizira popanda wowathamangitsa. Ntchito yanga ndi kupukuta, kumata mitengo ndi kudziwa zonse. Kudziwako njira yake mukuidziwa: ndimawerenga chikuto chakumbuyo ndi tsamba la zamkatimu, basi. Munthu akafunsa ndimakweza chibwano, ndikutchula mawu awiri aataliatali, iye n'kugula. Dzulo ndaphunzitsa mlimi wina kukama mbuzi, ine amene mbuzi ikandiyang'ana ndimapatuka. Koma zimenezi zithere pakati pa inu ndi ine. Abambo asamve, munthu wamkulu angagwe mphwayi.

Za maso awo zandikhudza kwambiri, musaone nthabwalazi. Ndawerenga ndime ya kasikuluwu ija kawiri, kachitatu ndinalephera. Za kubwera ndiyesetsa, koma Juni ndi mwezi umene abwana amafuna tisanje sitolo yonse, ndipo ndikangotchula tchuthi amayamba kudwala mutu. Komanso musaiwale kuti ine ndi chipatala sitimwerana madzi. Tsiku lija munadzibaya ndi singano ya makina, amene anakomoka ndine, inu n'kumandikupiza ndi chala chotuluka magazi. Ndiye munthu wotere akalimbikitse wodwala?

Koma sindinakhale manja lende. Pa mulu wa mabuku othothoka zikuto, amene abwana amalola kuti nditenge, ndapezapo buku lalikulu la matenda a maso. Chikuto ndi masamba oyamba palibe, koma zamkatimu zilipo, ndipo mutu wachisanu ndi chinayi wonse ndi wa ng'ala. Ndi lolemera bwino, achemwali, ndipo ine ndaona kuti buku lolemera silinama kawirikawiri. Mantha amabwera chifukwa chosadziwa. Abambo akawerenga adzathamangira okha ku basi, inu muzidzawagwira malaya.

Kapepala kali m'munsika muwapatse pamodzi ndi bukulo.

Abambo, moni. Werengani mutu wachisanu ndi chinayi mofatsa, ndi kagalasi kanu. Zonse zimene ndikanakuuzani pakamwa zili m'menemo. Mukamaliza mudzadziwa nokha chochita.

Ndine mlongo wanu,
Pulofesa wa zikuto.

20 Meyi

Mwana wanga,

Moni. Pepa ndi zilembo zikuluzikuluzi, zangokhala ngati za pachikwangwani cha butchala, koma ndi mmene ndingaonere chimene dzanja likuchita.

Buku lafika. Mutu uja ndauwerenga wonse, mzere umodziumodzi, mphuno ili papepala. Ndamva, mwana wanga, ndamvetsa. Kukhala ndi mwana wowerenga ndi chuma. Mtima wanga unali m'mwamba, tsopano wakhala pansi chifukwa ndadziwa chochita. Za ulendo usavutike nazonso, gwira ntchito ya abwana ako.

Uzivala juzi m'mawa.

Ndine bambo ako.

24 Meyi

Iwe,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatilera bwino, osati chifukwa ukuuyenera.

Abambo akafufutitsa dzina lawo kwa dokotala wa maso. Anatuma aneba athu, akalipentala aja, ine osadziwa. Ndamva dzulo kwa kalaliki wa pa chipatala chathu chaching'ono, atabwera kudzatenga siketi yake. Ndinatsala pang'ono kumusoka chala.

Nditafika kunyumba ndinawapeza ali phee, akumwa tiyi ngati munthu amene wapulumuka ngozi ya basi. Akuti, "Pulofesa wandichenjeza." Ndiye ndinatenga buku lako lija, limene ndinawapatsa osalitsegula, chifukwa maphukusi ako ndinasiya kalekale kuwatsegula. Safunsa anadya phula, ndipo phula limeneli ndadya ndine.

Kodi unaona zimene zili m'mutu umene unawasankhirawo? Muli zithunzi za mipeni itandandalikidwa pa nsalu. Muli chithunzi cha munthu atagona chagada, maso onse awiri atamangidwa, mutu ataupanikiza ndi timatumba ta mchenga uku ndi uku. Akuti amagona choncho masabata, osatembenuka, osatsokomola, osayetsemula, apo ayi diso limawonongeka. Abambo ako amene m'mawa uliwonse amayetsemula mpaka nkhuku kubalalika!

Zimenezo n'zochepa. Mutu wonsewo wadzaza inki yofiira. Paliponse pamene akunena za zoopsa pali mzere wofiira kunsi kwake. M'mphepete mwa tsamba mwalembedwa m'chizungu mawu otanthauza kuti "ngozi", pena "onani apa", ndipo kumapeto kwenikweni, "bola kukhala choncho". Abambo akuti dzanja limenelo ndi lako. Akuti uli mwana unkawabera cholembera chofiira n'kumachonga chilichonse, kalendala, buku la nyimbo, ngakhale khoma. Akuti unaopa kundikhumudwitsa ine, n'chifukwa chake sunalembe poyera kuti asapite, koma unawauza mwaulemu kuti adzadziwa okha chochita.

Ine ndikudziwa kuti si iwe, chifukwa kuti ulembe m'mphepete mwa tsamba uyenera kufika kaye pa tsambalo. Ndawauza kuti mabuku akale amabwera ndi zolemba za eni ake oyamba. Akuti ndili ndi nsanje ndi sukulu yako. Sukulu yake iti? Tonse tinalekezera kalasi imodzi.

Lemba lero lomwe, uwauze kuti inkiyo si yako. Ndipo ubwere.

Achemwali ako, amene mutu ukuwawawa.

29 Meyi

Achemwali,

Moni nonse. Kwa inu kwangoti zii, ndiye ndaganiza kuti mwina manyazi akugwirani. Musadandaule, ine sindine munthu wokonda kunena kuti ndinanena. Koma ndinanena.

Kalata ya abambo ndailandira. Akuti amvetsa, mtima wakhala pansi, adziwa chochita, ndipo za ulendo ndisavutike nazo. Ndiye kuti alamu abwera msanga kudzawaperekeza, eti? Ndaiwerengera abwana kalatayo mokweza, makasitomala awiri akumva, ndipo mmodzi wagula buku la matenda a impso pomwepo. Kunena zoona ndinayenda mosiyana tsiku limenelo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuchiza anthu amene sabweranso kudzandiuza zotsatira, lero ndapeza umboni, wochokeranso kunyumba.

Poona kuti mankhwala anga akugwira, ndakuikiraniponso magazini awiri a za uchembere. Ina ili ndi chithunzi cha mayi akuchirira m'bafa lodzaza madzi. Sindikuti muyesere, ndangoti muone mmene anzathu akuchitira.

Mundiuze tsiku limene anyamuke, ndidzawakumbukire.

Mlongo wanu,
Dokotala Pulofesa.

7 Juni

Dokotala,

Moni. Magazini ako afika, ndayalira pansi podula nsalu.

Ndaona kuti kalata yanga ya pa 24 sunailandire, chifukwa ngakhale iwe sungakhale wopusa chotere mwadala. Ndafufuza, akuti basi ija inafera panjira, ndipo kondakitala ali nayo ku galaja, kalata yanga ili m'thumba la jekete lake. Lachiwiri ndinadzikoka mpaka ku positi ofesi kukaimba foni ku sitolo kwanu. Anayankha abwana ako, akuti unali pamwamba pa makwerero, ndipo uthenga aulemba. Sindikudziwa kuti anaulemba pati.

Ndiye ndibwereze mwachidule. Abambo sakupita. Anafufutitsa dzina chifukwa cha buku lako ndi inki yofiira imene ili m'menemo, imene akuti ndi yako. Alamu ako sanabwere. Dzulo abambo anaphonya kapu pothira tiyi, madzi otentha n'kuwathira padzanja. Akuti si kanthu, bola dzanja kusiyana ndi mchenga.

Dokotala akapita pa 20, ndi chaka chamawa. Diso latsalalo silifika chaka chamawa likuona.

Achemwali ako.

10 Juni

Achemwali,

Makalata anu onse awiri afika tsiku limodzi, m'mawa uno. Ndawerenga nditaimirira, ndamaliza nditakhala pa katoni. Uthenga wa pafoni uja abwana akuti anaulemba kuchikuto cha magazini ya njinga zamoto, ndipo magaziniyo inagulidwa tsiku lomwelo. Penapake m'tauni muno muli munthu amene akudziwa za maso a abambo kuposa ine.

Sindinalitsegule bukulo kupitirira zamkatimu. Inki yofiirayo sindinaionepo. Mwini wake ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja amene ankaopa opaleshoni, mwina anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo mantha ake ndawanyamula ine n'kuwalipirira basi mpaka kukafika m'manja mwa bambo anga. Abwana nditawafotokozera za timatumba ta mchenga anaseka mpaka kutsamira shelefu. Akuti buku limenelo ndi lakale kuposa ine, n'chifukwa chake linali pa mulu waulere.

Ndagwetsa sitolo yonse kufuna buku latsopano la maso loti likatsutse lakalelo. Mulibe. Muno chatsopano ndi fumbi lokha. Ndiye masana ndachita chinthu chimene sindinachitepo: ndapita kukafunsa munthu. Pa chipatala cha maso cha kuno, chodula chimene ife sitingachikwanitse, ndapeza namwino, ndamufunsa za mchenga, wandiyang'ana ngati ndathawa ku wodi ina. Akuti masiku ano ndi kanthawi kochepa, munthu amadzuka n'kuyenda yekha, ndipo chophimba amachotsa m'mawa mwake.

Awerengereni abambo mawu awa, mokweza.

Abambo, inki yofiira ija si yanga. Buku lija ndi lakale, zimene likunena zinatha. Sindinakuchenjezeni, ndinalakwitsa. Chonde pitani kwa dokotala.

Tchuthi ndapempha. Abwana mutu wayamba kale kuwapweteka, koma ndikukankhabe.

Mlongo wanu.

14 Juni

Mwana wanga,

Moni. Kalata iyi akulemba ndi mlongo wako ine ndikunena, chifukwa dzanja lili ndi bandeji. Ukapezamo mawu achipongwe udziwe kuti si anga.

Mawu ako andiwerengera. Ndiwe mwana wabwino, sufuna kukangana ndi mlongo wako pamene ali ndi pakati. Ndikudziwa kuti wakukalipira mpaka wabweza mawu. Amayi ako ankatero ndi ine, ndinkavomera ngakhale zimene sindinamve. Koma ine ndigwira mawu ako oyamba, amene unalemba mtima uli m'malo. Ukuti buku ndi lakale. Diso nalonso ndi lakale, silinasinthe. Ukuti namwino wanena. Buku lonse lija, lolemera lija, ligonje kwa munthu amene wakumana naye pakhonde?

Ndisakubisire, ndine wamantha. Moyo wanga wonse ndakhala ndikutsegula mawotchi a anthu, eni ake ataima pambali akunjenjemera, ine n'kumawauza kuti musaope, ndi kanthu kakang'ono. Lero akuti atsegule ine, ndapezeka ndine woyamba kubisala kuseri kwa chitseko. Utsi umene ndikuonawu ndi wochepa, koma ndi wanga. Ndimadziwa nawo pamene pali khomo.

Usadziimbe mlandu. Unachita bwino.

Bambo ako.

Iwe, ndalemba zonse mmene anenera, ngakhale cholembera chimafuna kuthyoka. Dzina ndakalibwezeretsa, kalaliki wandichitira chifundo ataona mmene ndikuyendera. Koma dzina silikwera basi. Ine mawa ndikukagona ku chipatala chaching'ono kudikira nthawi yanga, anamwino akuti magazi akuthamanga. Abambo aziwaphikira akazi a akalipentala. Makalata atha ntchito, Pulofesa. Chimene ulembe chilichonse adzati ndakulembetsa ndine.

21 Juni

Achemwali,

Moni kuchokera pa benchi la chipatala chachikulu. Ndikhulupirira magazi atsika ndipo mlendo wathu akudikira mwaulemu. Pepani kuti tsiku lija ndinangokuonani pawindo la wodi n'kuthamanga. Munandiyang'ana m'manja kuti muone ngati ndanyamula phukusi, ndinakuonani. Tsono khalani bwino pa bedipo ndikuuzeni zonse.

Abambo ndinawapeza pa tebulo lawo la ntchito, zipangizo zili m'mizere yake, akuzipukuta ndi kansalu chifukwa ndi ntchito yokhayo imene yatsala. Anandizindikira ndi kuyetsemula. Titapatsana moni ndinayamba ulaliki umene ndinaukonza m'basi monse, wa sayansi ndi chitukuko. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mlongo wako wakuphunzitsa bwino."

Ndinasowa mtengo wogwira. Ndiye ndinati, "Abambo, bukulo sindinaliwerenge."

"Usadzichepetse," anatero.

"Ndifunseni chilichonse cha m'menemo."

Analitulutsa mu dirowa, n'kuliika pamiyendo, osalitsegula. "Timatumba ta mchenga amaika pati?"

Apa mundimvetse, achemwali. Yankho ndinkalidziwa, chifukwa munandilembera inu. Ndinawauza kuti limenelo ndinamva kwa inu, afunse lina.

"Chabwino. Mutu wa ng'ala ukuyamba ndi chithunzi cha chiyani?"

"Cha diso."

"Cha nyali. Nanga wodwala amamudyetsa chiyani masiku oyamba?"

Ndinakweza chibwano mwa chizolowezi, koma mawu aataliatali aja sanabwere. Ndinati zipatso. Akuti zamadzimadzi zokhazokha, kuti asatafune. Anafunsa lachinayi, lachisanu, ine ndikugwa ngati mwana amene sanapite ku sukulu teremu yonse. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Nanga lija la njuchi unanditumizira chaka chija? Mfumukazi ikafa, njuchi zimatani?"

Ndinati zimalira maliro.

Achemwali, abambo anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinaseka nawo, thukuta likutsika. Atapuma anati, "Ndiye onse aja sunawerenge?" Ndinati ngakhale limodzi. Anati, "Ine ndinawerenga onse. La denga, la nyenyezi, la sitima za pansi pa madzi. Ndinkati ukadzabwera tidzapeze chokambirana, ndisadzakuchititse manyazi." Pamenepo ndinasiya kuseka. Ndikanakonda akanandimenya ndi buku lolemera lija.

Anakhala nthawi akusisita bukulo ndi chala. Kenaka anati, "Ngati ndiwe mbuli chotere, inki ija si yako." Ndinavomera ndi mtima wonse. "Ndiye amene wandiopseza mwezi wonsewu ndani?" Ndinati sindikumudziwa. Anati, "Munthu wosamudziwa sangandiletse ulendo. Tenga chikwama." Moyo wanga wonse nzeru zanga sizinathandizepo munthu, koma umbuli wanga wakweza abambo basi.

Mantha sanathe, musaganize. Njira yonse anandigwira pamkono, ndipo anandilumbiritsa kuti ndikangoona mchenga ndiwauze tithawe. Tikulowa pa geti, pomwepo pali mulu wa mchenga wa amisiri amene akumanga wodi yatsopano. Ndinathamanga kukaima kutsogolo kwake, manja nditatambasula, kuwabisira munthu amene sakuona ngakhale geti. Mlonda anandifunsa ngati wodwala ndine.

Dzulo atawaitana dzina anandisiya mkono okha. Ine ndinatsala pakhonde, ndipo sindinakomoke, ndinangokhala pansi mofulumira pang'ono. Ndisanamalize kumwa madzi amene mayi wina anandipatsa, ndinaona akutuluka akuyenda ndi miyendo yawo, diso lakumanja litaphimbidwa. Anandifunsa kuti ayamba liti. Namwino anati atha kale. Anayetsemula kamodzi kuti ayese, n'kudikira. Palibe chinagwa.

Lero m'mawa anatiika pa mzere, odwala pa benchi, ife owadikirira titaima kutsogolo kwawo. Namwino anafika pa abambo, n'kumatula chophimba pang'onopang'ono. Anaphethira, misozi ikutuluka. Anayang'ana manja awo, kuseri ndi kutsogolo. Anayang'ana zenera. Kenaka anayang'ana ine, n'kundidutsa, kuyang'ana kumbuyo kwanga, uku ndi uku.

"Mwana wanga wapita kuti?"

Ndinati, "Ndine, abambo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe? Dazi ili ndi lako? Imvi izi?"

Anthu a pa benchi anaseka, inenso ndinakonza kanthabwala koti fumbi la mabuku ndi limene layeretsa tsitsi, koma sikanatuluke. Anandikoka malaya kuti ndiwerame, n'kundigwira nkhope ndi manja awiri, kuitembenuzira ku kuwala. Anati, "Ine ndimalembera kamnyamata, ndimakauza kuti kazivala juzi." Ndinalira, achemwali, pamaso pa wodi yonse, bambo wadazi, ndipo namwino anandipatsa thonje limene anakonzera odwala.

Diso linalo akuti adzaliona ulendo wina. Tinyamuka mawa dokotala akationanso, koma kalatayi ndapatsira dalaivala wa ambulansi ya kwanuko kuti itsogole. Abambo akulanda cholembera, akuti pali malo pansipa.

Mlongo wanu.

Mwana wanga wamkazi, taona zilembo zing'onozing'onozi, ndalemba ndekha. Ndikuona. Mlongo wako wakalamba, ndipo sindinaone pamene zinayambira. Ndamuuza kuti asafulumire kubwerera ku ntchito. Ndikufuna ndimuyang'ane kaye.